The Open: mpikisano umene unayambika ndi anyamata onyamula ndodo za mabwana

Mwezi wa Julaye ukangofika pakatikati ine ndimakhala ndi masiku anayi amene foni siimandikhudza kwenikweni, kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu ndili pa TV kuonera The Open, mpikisano wa gofu wa ku Britain, ndipo anzanga ena amati aise zimenezi nza mabwana, za anthu oyenda pa kapinga wothiriridwa pomwe anthu ena madzi akumwa akuwasowa. Sindimawatsutsa kwambiri, chifukwa kwathu kuno gofu inabwera ndi atsamunda ndipo kwa zaka zambiri munthu wakuda amaponda pabwalo la gofu atasenza chikwama cha mzungu basi. Koma chimene chimandipweteka nchakuti anthu sadziwa kuti mpikisano umenewu, womwe ndi wakale kuposa mipikisano yonse ikuluikulu ya gofu padziko, unayambika ndi anthu onyamula zikwama omwewo, makadi, anthu osauka a ku Scotland amene mabwana awo samawalola ngakhale kulowa m'nyumba ya kalabu.

Tiyambe ndi malowo, chifukwa ukaonera koyamba umadabwa. Udzu wake ndi wofiirira ngati wa m'chilimwe, mitengo palibe, pansi ndi pamabampu okhaokha, kumbali nyanja, osewera avala majekete ndi zipewa za ubweya mu Julaye momwe kwawoko amati ndi nyengo yotentha. Malo oterewa amawatcha links. Ndi kachigawo ka mchenga kamene kamakhala pakati pa nyanja ndi minda, nthaka yoti nyanja inaisiya kalekale, sungalimepo tirigu kapena mbatata, nde anthu a m'mudzi amangodyetsapo nkhosa, akalulu nkumakumbamo mauna, amayi nkumayanikapo zovala, asodzi maukonde. Malo opanda mwini weniweni, a aliyense. Nkhosa ndi akalulu ndi amene ankameta udzu, ndipo amati maenje a mchenga aja anayamba pomwe nkhosa zinkabisala mphepo nkumapalasa mpaka mchenga kuonekera. Palibe amene anakhala pansi ndi pepala kujambula bwalo la St Andrews, linangopangika ndi mphepo, nkhosa ndi mapazi a anthu. Nchifukwa chake kusewera pa links nkosiyana ndi ku America komwe mpira umaukweza m'mwamba nkutera nkuima pompo, kuno ukaukweza mphepo ikulanda, umayenera kuuyendetsa pansipansi nkumauwerengera mabampu, ndipo ukhoza kumenya bwinobwino mpira nkugunda kachulu nkuthera mu dzenje lakuya loti ukalowamo mutu wokha ndi umene umaoneka.

Gofu ku Scotland ndi yakale zedi. Mu 1457 mfumu James II inailetsa pamodzi ndi mpira wamiyendo chifukwa anyamata amasiya kuphunzira kuponya mivi. Mu 1552 bishopu wamkulu John Hamilton anasainira chikalata chovomereza kuti anthu a m'tauni ya St Andrews ali ndi ufulu wosewera pa links yawo. Bwaloli linali ndi mabowo 22, mu 1764 anawachepetsa kufika pa 18, ndipo 18 imene dziko lonse limatsatira lero inachokera pamenepo. Mpaka pano bwalo limeneli, lomwe amalitcha Old Course, si la kalabu ayi, ndi malo a anthu onse, ndipo Lamulungu amatseka gofu kuti anthu aziyendapo ndi ana ndi agalu awo, kupatula ngati pali mpikisano waukulu.

Tsono nkhani ya The Open imayamba ndi mkangano wa mpira pakati pa anthu awiri. Allan Robertson wa ku St Andrews ndi amene aliyense amavomereza kuti ndi katswiri woposa onse nthawi imeneyo, mu 1858 anali woyamba kuzungulira Old Course ndi mikwapulo yosafika 80, anamenya 79, paja pa gofu amapambana ndi amene wamenya mikwapulo yochepa. Koma chakudya chake chimachokera ku mipira. Mpira wa nthawiyo umapangidwa ndi manja, amasoka kathumba kachikopa, nkuwiritsa nthenga za tsekwe zodzaza chipewa chachitali chija, nkumazikanikizira m'kathumbamo ndi chitsulo chotsamiza pachifuwa, chikopa chili chonyowa, nde zikamauma chikopa chimakhwinyata nthenga nkumafufuma, mpira nkulimba ngati mwala. Munthu waluso amapanga itatu kapena inayi patsiku basi, fumbi la nthenga likumulowa m'mapapo, ndipo mpira umodzi umadula mwina kuposa ndodo, komanso ukanyowa ndi mvula umaphulika. Apa mukuona chifukwa chake gofu yeniyeni inali ya anthu andalama.

Mu shopu ya Robertson munali mnyamata wophunzira ntchito dzina lake Tom Morris, wobadwa mu 1821, ndipo awiriwa akagwirizana pa masewera a ndalama palibe amene amawagonjetsa. Kenako cha mu 1848 kunabwera mpira watsopano wopangidwa ndi utomoni wa mtengo wa gutta percha wochokera ku Malaya, wotchipa, wosaopa madzi, ukaphwanyika umauwotha nkuwuumbanso. Robertson anaona kuti bizinesi yake yatha ndipo anadana nawo kwambiri mpirawo. Tsiku lina anapeza Tom akusewera ndi mpira wa utomoniwo, basi ntchito inathera pomwepo. Ine ndikaganiza za Robertson sindimuda, munthu amateteza nsima ya ana ake, komabe mpira umene amaukanawo ndi womwe unatsegula gofu kwa anthu wamba, ndipo pambuyo pake iye mwini anayamba kuupanga.

Tom Morris anasamukira ku Prestwick, kugombe la kumadzulo kwa Scotland, mu 1851, komwe anakonza bwalo la mabowo 12 nkukhala wolisamalira. Robertson anamwalira mu 1859, nde funso linabuka loti katswiri tsopano ndi ndani. Mabwana a kalabu ya Prestwick, motsogozedwa ndi James Ogilvie Fairlie, analembera makalabu ena kuti atumize makadi awo odziwika ndi akhalidwe labwino adzapikisane. Pa 17 Okutobala 1860 kunabwera anthu 8 okha. Anazungulira bwalo katatu tsiku limodzi, mabowo 36. Aliyense amayembekeza kuti Tom apambana chifukwa bwalolo analikonza yekha, koma Willie Park wa ku Musselburgh anamenya 174, Tom 176. Mphoto yake panalibe ndalama ngakhale kobiri, unali lamba wachikopa chofiira wokhala ndi chomangira chasiliva, wogulidwa pa mapaundi 25, ndipo lamulo linali loti amene apambane katatu motsatizana autenga kukhala wake. Chaka chotsatira mabwana osewera mongosangalala anati nafenso tilowe, nde anautsegula kwa aliyense, dzina loti Open linachokera apa. Ndalama kwa wopambana zinayamba mu 1864, mapaundi 6. Amene anapambana mu 2024 analandira madola 3.1 miliyoni.

Tom wamkulu anapambana kanayi, 1861, 1862, 1864 ndi 1867, komalizako ali ndi zaka 46 ndipo mpaka lero palibe wamkulu kuposa pamenepo amene anapambanapo. Chaka chotsatira chenicheni anapambana mwana wake, Tom wamng'ono, ali ndi zaka 17, ndipo mpaka lero palibe wamng'ono kuposa pamenepo. Bambo ndi mwana, nyumba imodzi. Mnyamatayu anali wina, amamenya mwamphamvu moti amati ndodo zimathyoka m'manja akungozigwedeza. Mu 1869 analowetsa mpira m'bowo ndi mkwapulo umodzi, koyamba m'mbiri ya mpikisanowu, nkupambananso. Mu 1870 bowo loyamba la Prestwick lotalika mayadi 578 analimaliza ndi mikwapulo itatu, ndi ndodo zamtengo ndi mpira wautomoni, anamaliza ndi 149 nkusiya wachiwiri ndi mikwapulo 12. Katatu motsatizana, lamba uja anapita naye kwawo.

Nde mu 1871 mpikisano sunachitike, chifukwa panalibe chopikisanirana ndipo mabwana amakokanakokana kuti alipire ndani. Mu 1872 makalabu atatu, Prestwick, Royal and Ancient ya ku St Andrews ndi Honourable Company of Edinburgh Golfers yomwe nthawiyo imasewera ku Musselburgh, anagwirizana kusonkha mapaundi 10 aliyense kugula jagi yasiliva yothirira vinyo, nkumasinthana kuchititsa mpikisanowo. Ndiye chiyambi cha Claret Jug imene timaiona wopambana atanyamula ija. Tom wamng'ono anapambananso 1872 jagiyo isanakonzeke, anangomupatsa mendulo, koma dzina lake ndi limene linalembedwa poyamba. Woyamba kuinyamula m'manja anali Tom Kidd mu 1873 ku St Andrews, nayenso kadi wa pomwepo.

Gawo ili limandivuta nthawi zonse. Mu Seputembala 1875 Tom ndi bambo ake anali ku North Berwick kusewera masewera a ndalama ndi Willie Park ndi mng'ono wake Mungo. Mkazi wa Tom, Margaret, anali woyembekezera kunyumba ku St Andrews. Atatsala pang'ono kumaliza kunabwera telegalamu yoti abwerere msanga zinthu sizili bwino. Pa sitima ya pamtunda ulendo unali wozungulira, nde munthu wina anawabwereka boti kuti adutse panyanja ya Firth of Forth, bambo ndi mwana m'boti usiku ukugwa, koma pofika anapeza mayi ndi khanda onse apita. Patatha miyezi itatu ndi masabata pang'ono, m'mawa wa Khirisimasi, Tom anapezeka atamwalira pabedi m'nyumba ya bambo ake ali ndi zaka 24. Madokotala anati magazi anatayikira m'mapapo, anthu a m'tauni anati ndi chisoni. Tom wamkulu anakhalabe ndi moyo mpaka 1908, anaika m'manda mkazi wake ndi ana ake onse, anasamaliranso Old Course kwa zaka zambiri, ndipo manda a awiriwa ali pabwalo la tchalitchi chakale chogumuka cha St Andrews pomwe makalabu a gofu anasonkha kumanga chipilala cha mnyamatayo ataima ndi ndodo yake.

Kuchokera apo mpikisano unakula mwachangu. Mu 1892 ku Muirfield unafika mabowo 72, mu 1894 unatuluka mu Scotland koyamba kupita ku Sandwich ku England, ndipo kuyambira chaka chimenecho mpaka 1914 anthu atatu, Harry Vardon, J.H. Taylor ndi James Braid, anapambana ka 16 pa mipikisano 21. Vardon yekha ka 6, palibe wamufika. Vardon anali mwana wa wogwira ntchito m'dimba ku Jersey ndipo anayamba ngati kadi, Taylor nayenso anayamba ngati kadi. Prestwick inachititsa komaliza mu 1925 chifukwa khamu la anthu linachuluka malo nkuchepa. Nkhondo ziwiri zija zinaimitsa mpikisano, 1915 mpaka 1919 ndi 1940 mpaka 1945, kenako Covid mu 2020.

Koma taonani, anthu onsewa amene dziko limawaombera m'manja, pakhomo la nyumba ya kalabu samalowa. Wosewera gofu ngati ntchito amatengedwa ngati wantchito, amavalira kushedi kuseri. Mu 1920 ku Deal kunabwera Walter Hagen wa ku America, atamuuza kuti malo ake ndi kuseri anachita hayala galimoto yapamwamba ndi dalaivala wake, nkuiimika kutsogolo kwenikweni kwa nyumba ya kalabuyo, nkumasinthira nsapato ndi kudyera momwemo mabwana akuona pawindo. Anapambana kanayi pambuyo pake, 1922, 1924, 1928 ndi 1929. Ndi anthu ngati iyeyo amene anakankha chitseko chija mpaka chinayamba kutseguka.

Nkhondo yachiwiri itatha mpikisanowu unatsala pang'ono kuzilala. Aku America amati ulendo ndi wautali ndalama nzochepa, Sam Snead anapambana mu 1946 nkulandira mapaundi 150 omwe sanakwane ngakhale zimene anawononga paulendo, Ben Hogan anabwera kamodzi kokha mu 1953 ku Carnoustie, kupambana, osabweranso. Zaka zimenezo amene anaugwira mpikisanowu anali Peter Thomson wa ku Australia ndi Bobby Locke wa ku South Africa, Locke yekha anapambana 1949, 1950, 1952 ndi 1957. Amene anaudzutsa ndi Arnold Palmer, anabwera mu 1960 pa chikondwerero cha zaka 100 ku St Andrews, anakhala wachiwiri kwa Kel Nagle, nkudzapambana 1961 ndi 1962, basi anzake onse anayamba kumutsatira.

Chigawo chathu chino cha kumwera kwa Africa chili ndi mayina ambiri pa jagi ija kuposa mmene anthu amaganizira. Gary Player 1959, 1968 ndi 1974, Ernie Els 2002 ndi 2012, ndipo abale athu a ku Zimbabwe amakumbukira Nick Price amene anaphonya mu 1982 ndi 1988 ali wachiwiri, kenako mu 1994 ku Turnberry anagubuduza mpira kuchokera patali zedi pa bowo la 17 nkulowa, nkulumpha ngati mwana. Onsewa ndi azungu, ndipo chifukwa chake tikuchidziwa, tsankho silimalola wakuda kapena mmwenye kusewera momasuka. Papwa Sewgolum, mmwenye wa ku Durban amene anayamba ngati kadi ndipo amagwira ndodo mopingasa manja, anapambana Dutch Open katatu ndipo anasewerako The Open, koma kwawo atapambana Natal Open analandirira chikho panja mvula ikugwa chifukwa lamulo silimamulola kulowa m'nyumba ya kalabu. Chitseko chomwe chija chimene anakanizidwa a Tom Morris, kungoti apa chinatsekedwa ndi khungu.

Mikangano siinathe ayi. Wina ndi wa dzina, aku America amati British Open pofuna kusiyanitsa ndi US Open yawo, eni ake a R&A, bungwe loyendetsa mpikisanowu lochokera ku Royal and Ancient ija, amati ayi ndi The Open basi chifukwa pamene unkayamba panalibe wina, US Open inabwera mu 1895. Ine ndili kumbali ya eni ake, komanso mpikisanowu wachitikapo ku Royal Portrush ku Northern Ireland mu 1951, 2019 ndi 2025. Wina waukulu ndi wa amayi. Kalabu ya Royal and Ancient inayamba kulandira amayi ngati mamembala mu 2014 mokha, patatha zaka 260. Ku Muirfield mu 2016 anavota, ofuna amayi anachuluka koma sanafike magawo awiri mwa atatu amene amafunika, nde R&A inawauza tsiku lomwelo kuti The Open siibweranso kumeneko. Mu 2017 anavotanso nkuvomera. Zimandikwiyitsa kuti zinatengera kuwalanda mpikisano kuti achite chinthu choyenera, pa nthaka yomwe amayi ankayanikapo zovala gofu isanakhale ndi makalabu nkomwe. Ndiye pali Turnberry, bwalo lokongola kwambiri lija lokhala ndi nyumba ya nyali pagombe, lomwe Donald Trump anagula mu 2014, ndipo mu Januwale 2021 R&A inalengeza kuti siipita kumeneko pakadali pano chifukwa nkhani ingakhale ya mwini malo osati ya gofu. Komaliza kuchitikira kumeneko kunali 2009.

Ndipo 2009 imeneyo amene anaionera sadzaiwala. Tom Watson, amene anapambana kasanu ndipo mu 1977 pabwalo lomwelo analimbana ndi Jack Nicklaus masiku awiri dzuwa likuswa mtengo, iye 65 ndi 65, Nicklaus 65 ndi 66, anabweranso ali ndi zaka 59 atachitidwa opaleshoni ya m'chiuno chaka chapitacho, nkufika pa bowo lomaliza akutsogola. Anamenya bwino kwambiri, mpira unatera pomwe amafuna, koma nthaka youma ija inaugubuduza nkupitirira kuseri, anaphonya, nkudzagonja kwa Stewart Cink pa mabowo owonjezera. Bwalo lonse linangoti zii. Pa bwalo lina lililonse nkhalamba ya zaka 59 singafike pamenepo, links yokha ndi imene imalola nzeru kupikisana ndi mphamvu, ndipo links yomweyo ndi imene inamulanda. Jean van de Velde wa ku France mu 1999 ku Carnoustie amangofunika mikwapulo 6 pa bowo lomaliza, anamenya 7, tinamuona atavula nsapato ndi masokosi ataima m'kamtsinje ka Barry Burn akuyang'ana mpira wake ukumira, Paul Lawrie amene anayamba tsikulo ali kumbuyo ndi mikwapulo 10 nkutenga jagi. Pomwe Tiger Woods mu 2000 ku St Andrews anazungulira masiku anayi osagwera mu dzenje la mchenga ngakhale limodzi pa maenje oposa 100, ndipo mu 2006 ku Hoylake atapambana analira ngati mwana paphewa la kadi wake chifukwa bambo ake anali atamwalira miyezi iwiri yapitayo.

Koma tsiku limene ine ndimalisunga ndi 18 Julaye 2010. Louis Oosthuizen, mwana wa mlimi wa kufupi ndi Mossel Bay amene gofu yake inathandizidwa ndi bungwe la Ernie Els chifukwa kwawo ndalama zinali zosakwana, anapambana ku St Andrews ndi mikwapulo 7, tsiku lomwe Nelson Mandela amakwanitsa zaka 92, ndipo polankhula atalandira jagi anayamba ndi kumufunira Madiba mafuno abwino. Pambali pake masiku onse anayi panali Zack Rasego, kadi wakuda wa ku South Africa, atasenza chikwama, akuwerenga mphepo, akumuuza ndodo yoti atenge. Awiriwa anawoloka limodzi kamlatho kamiyala ka Swilcan nkukwera kupita ku bowo la 18, lomwe limatchedwa dzina la Tom Morris, moyang'anizana ndi shopu yake yakale imene ili tsidya la msewu, ndipo mpira utalowa munthu woyamba amene Louis anamukumbatira anali Zack. Pa ndalama zimene anapata Louis anakagula thirakitala ya pafamu pake.